Chigayo Chafa

MUTU 6

1. Tiyi wa Limbikani

Tsiku limene Tionge anabwera ndi nkhani yoti wakhala nambala wani m'kalasi mwawo mwa Fomu 2, anapeza anthu akuwomba kale m'manja kunyumba kwawo ku Goliyo, m'tauni ya Ndirande. Koma sankawombera iye. Ankawombera mchimwene wake Limbikani, mnyamata wamkulu wandevu zake, chifukwa choti anali ataphika tiyi.

Inde, tiyi weniweniyu, wa madzi, masamba ndi shuga. Mayi awo, a Kristina, anali ataitana ndi aneba omwe kuti adzalawe. Tionge anaima pakhomo chikwama chili kumsana n'kunena nkhani yake, nawonjezera kuti Lachisanu, tsiku lotsekera sukulu, adzalandira mphatso pamaso pa makolo. Mayi ake anati wachita bwino, koma maso awo anali pa ketulo. Kenako anamutuma kukatsuka makapu.

Nsanje inamugwira Tionge, ndipo sinali ya lero lokha.

Chaka chapitacho Limbikani ankaphunzira zowotcherera zitsulo ku Makata. M'mawa wina ali pa njinga, minibasi inamuwomba ndipo anamenyetsa mutu pamsewu. Anagona chikomokere kuchipatala chachikulu, mpaka bambo ake, a Laurenti, anayamba kuuza abale a ku Nsanje kuti akhale tcheru. Koma anatsitsimuka. Anayambanso kuyenda, kulankhula ndi kuseka, ndipo mayina a osewera mpira ankawakumbukira onse. Anthu a ku tchalitchi ankati wachira.

Chimene chinatsalira chinali chosaoneka ndi maso. Zinthu zikamayenda monga mwa masiku onse, Limbikani analibe vuto. Koma kanthu kakangosintha pang'ono, mutu wake unkaima. Tsiku lina anamutuma kukatunga madzi ndipo anapeza mpopi wauma. Anthu ena onse anapita kuchitsime, koma iye anangoti kakasi pomwepo ndi chidebe chake mpaka dzuwa linafika paliwombo. Tsiku linanso moto utazilala pa mbaula, anatenga botolo la palafini n'kuthira osaganiza kawiri, ndipo nsidze zake zinapsa.

Kuchokera pamenepo a Kristina sanamusiyenso yekha. Geni yawo ya tomato inaima. Kumisonkhano ya makolo kusukulu ya Tionge anasiya kupita. Dzira likapezeka m'nyumba linali la Limbikani, pamene kutunga madzi, kusesa ndi kuchapa zonse zinali za Tionge.

Madzulo a tsiku la tiyi lija Tionge analephera kudziletsa. Ananena mokweza kuti mwina nayenso akagone pamsewu kuti anthu a m'nyumba muno amuone. A Laurenti anasiya kumvera wailesi.

"Tionge, mawu amenewo ndisadzawamvenso," anatero. "Ukuona ngati mkulu wako akusangalala? Mnyamata amene ankapanga mageti a anthu, lero tikumuwombera m'manja chifukwa cha tiyi, ndiye iwe ukuti wapeza mwayi? Iwe mutu wako ndi wabwinobwino, ukadzuka umadziwa kolowera. Amayi ako sakukonda wina kuposa mnzake, akungothamangira kumene kukupsa. Nsanje yochitira wodwala ndi yoopsa, mwananga, chifukwa wodwalayo sangadziteteze kwa iwe."

Tionge anangoti wamva. Koma anamva ndi makutu okha.

2. Zala zisanu

Kunyumbako kunkabwera mayi wina wa kuchipatala, a Doreen. Ntchito yawo inali yophunzitsanso anthu ovulala mutu kuchita zinthu za tsiku ndi tsiku, ngakhale aneba ankangowatchula kuti adokotala a mafizo.

A Doreen ndi amene anatulukira pamene panali vuto. Kuchipatala ankamufunsa Limbikani kuti angatani atapeza mpopi wauma, ndipo iye ankayankha bwino kuposa mphunzitsi. Koma akamupatsa timatabwa toti asanje n'kumusinthira lamulo pakati, thukuta linkayamba ndipo ankangobwereza njira imene yakanika kale. A Doreen anafotokoza kuti mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi ndi imene imathandiza munthu kuona kuti njira iyi yatsekeka, ayese ina. Mbali imeneyo ndi imene inavulala.

Choncho anamuphunzitsa kugwiritsa ntchito zala za dzanja lake. Akakumana ndi chovuta, agwire chala chachikulu n'kuima kaye. Pa chachiwiri adzifunse kuti vuto n'chiyani, pa chachitatu aganize njira ziwiri kapena zitatu, pa chachinayi asankhe imodzi n'kuiyesa, ndipo pa kachala komaliza aone ngati zatheka. A m'banjamo anawaletsa kumuuza zochita. Anati akamuona waima, azimupatsa funso, osati yankho. Tiyi uja anali woyenera manja ndithu, chifukwa machesi anali atanyowa ndipo Limbikani anakapala yekha moto kwa aneba.

Lachitatu masana, Limbikani akugona monga ankachitira akatopa, a Doreen anakhala pansi ndi makolo ake pamodzi ndi Tionge. Anati nthawi yakwana yomuyesa kunja kwa mpanda. Mawa lake amutume kuchigayo cha a Sulaiman, chimene ankachidziwa kuyambira ali mwana. A Sulaiman anali atavomera kale kuti akafika akamuuze kuti chigayo chafa. Iwo a Doreen adzatsatira chapatali kuti aone chimene achite.

"Ndikupempha chinthu chimodzi," anatero a Doreen, akuyang'ana aliyense payekhapayekha. "Pasapezeke womutsina khutu. Awa si mayeso a kusukulu oti munthu akabera n'kukhoza, zake zayera. Ine sindikufuna kuti akhoze, ndikufuna ndidziwe zoona. Akaima pachigayo paja mpaka madzulo, ine ndisangalalabe, chifukwa ndidziwa poyambira. Limbikani saiwala zimene wauzidwa, moti mukamuuza yankho akachita ndendende, ndipo tonse tidzaganiza kuti wachira. Kenako tidzamusiya yekha pamalo pamene palibe womuuza. Amene angamuuze adzakhala atanditseka ine m'maso, ndipo wopwetekeka adzakhala mwana wanu yemweyu."

A Laurenti anagwedeza mutu n'kuthokoza m'Chisena chakwawo kuti, "Takhuta."

A Doreen atachoka, Tionge anafunsanso mayi ake za Lachisanu. A Kristina anayankha akupeta mphale. Anati Limbikani akakhoza ndiye kuti angathe kutsala yekha pakhomo kwa kanthawi, ndipo iwo adzapita. Akalephera, Tionge adzangobwera nayo mphatsoyo kunyumba, adzaionera konkuno.

3. Kuseri kwa nyumba

Dzuwa likulowa, Tionge ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba, Limbikani akumutsanulira madzi. Makolo awo anali kutsogolo kucheza ndi aneba.

Tionge ankazidziwa bwino zala zisanu zija. Ankadziwanso kuti mchimwene wake pamaso pa anthu ena amasokonezeka n'kulephera kuzigwiritsa ntchito. Anakumbukira amayi a anzake amene amabwera kusukulu atavala zitenje zatsopano n'kumalulutira ana awo, ngakhale mwanayo atakhala nambala seveni. Mtima unamuwawa. Iye anali atatopa ndi kukhala m'nyumba momwe munthu mmodzi yekha ndiye mwana.

Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Achimwene, mawa akutumani kuchigayo. A Sulaiman akakuuzani kuti chigayo chafa, koma ndi bodza, akungokuyesani. Inu musakaime. Mukangotembenuka n'kupita kuchigayo china chija, kwa a Majidi ku Chinseu."

Limbikani anasiya kutsanula madzi. Anafunsa ngati a Doreen analola kuti auzidwe zimenezi.

"Mukufuna amayi alirenso?" anatero Tionge. "Mukalephera alira. Musauze munthu aliyense kuti ndakuuzani."

Anamubwerezetsa mawuwo mpaka analowa: chigayo chafa, tembenuka, kwa a Majidi. Mnyamatayo ankawanena mosamala ngati mwana wa katekisimu. Atamaliza anamwetulira n'kunena kuti Tio ndi mlongo wabwino, amamuganizira nthawi zonse. Tionge anangolimbikira kukwecha poto amene anali atayera kale.

4. Kwa a Sulaiman

Lachinayi m'mawa Limbikani ananyamula thumba la mphale paphewa n'kutsika kanjira kopita kuchigayo. A Doreen, a Kristina ndi Tionge ankatsatira chapatali, akubisala kuseri kwa maokala ngati anthu othawa ngongole. A Kristina anali atagwira kolona m'manja.

A Sulaiman anasewera mbali yawo bwino kwambiri. Anatuluka ali mbuu ndi ufa, manja ali m'chiuno, n'kumuuza mwachisoni kuti lamba waduka, chigayo chafa, mwina mpaka sabata yamawa.

Limbikani sanatule ngakhale thumba lija. Sanayang'ane dzanja lake. Anangotembenuka n'kulunjika njira ya ku Chinseu, a Sulaiman mawu adakali m'kamwa. A Kristina anayamba kulira, koma ulendo uno kunali kulira kwa chimwemwe, ndipo anamufinya Tionge dzanja mpaka linachita dzanzi.

A Doreen okha ndi amene sanasangalale. Ufa utafika kunyumba, anamuyamikira Limbikani, kenako anamufunsa kuti anaganiza chiyani atamva kuti chigayo chafa, nanga njira zina zimene anaziganizira zinali ziti. Limbikani anamuponyera diso Tionge, kenako anayang'ana pansi.

"Ndinangodziwa basi," anatero.

A Doreen anafunsa ngati pali wina amene anamuuzako kanthu. A Kristina analumbira kuti iwo ayi. Tionge naye anapukusa mutu, maso ali pa ufa.

A Doreen anati zimene aona ndi zabwino, koma zawadabwitsa kufulumira kwake, ndipo kukhoza kamodzi si umboni wokwanira. Analola kuti Limbikani azitsala yekha pakhomo kwa kanthawi kochepa komanso azitumidwa malo apafupi. Za minibasi anakaniza, nati zimenezo adzayesera limodzi akadzabweranso.

A Laurenti anali kuntchito, ku nyumba yosungiramo katundu ku Makata, moti zonsezi anazimva madzulo kuchokera kwa akazi awo. Ndipo monga amachitira anthu amene adikira nkhani yabwino nthawi yaitali, anamva za kukhoza zokha.

5. Ufa wa chinkhoswe

Lachisanu m'mawa Tionge anasita yunifolomu yake mpaka mizere inaima. A Kristina anatulutsa chitenje chimene sanachivale chichitikireni ngozi ija. Apo ndi pamene a Laurenti, akumanga zingwe za nsapato, ananena kuti ufa uja upite ku Bangwe lero lomwe. Mlongo wawo, a Constance, anali ndi chinkhoswe cha mwana wawo Loweruka, ndipo ufawo unali thandizo la banja lino. Wopititsa anali Limbikani.

A Kristina anakana. Anakumbutsa amuna awo mawu a Doreen, nati minibasi si chigayo. Ku Limbe ayenera kutsika n'kukwera ina, ndipo makondakitala akaona kuti anthu achepa amawagulitsa kwa minibasi ina pakati panjira. Ngakhale foni mwanayo analibe, popeza yake inaphwanyika pangozi ija.

"Mayi a Limbikani, mwana ameneyu tidzamusunga m'thumba mpaka liti?" anatero a Laurenti. "Njira ya ku Bangwe waiyenda kuyambira ali wa kabudula. Dzulo munaona ndi maso anu, anamutsekera njira dala, iye n'kupeza ina payekha. A chipatala ntchito yawo ndi yochenjeza, sangakuuzeni kuti basi zatha. Koma ife makolo tikapitiriza kumuopa, iyenso adzayamba kudziopa, ndipo ku Makata sadzabwererako. Ngati mukukayika, ndiye mupite naye nokha, kusukuluko Tionge apite yekha."

Limbikani anali atavala kale shati yake ya kutchalitchi. Nkhope yake inkawala ngati ya munthu woti akukayamba ntchito.

A Kristina anatembenukira kwa Tionge n'kumufunsa maganizo ake, popeza iye ndi amene ankakhala ndi mkulu wakeyo nthawi zambiri.

Apa Tionge akanatha kunena. Panalibe amene akanamumenya, ndipo ufa ukanapita ndithu ndi amayi ake. Koma anayang'ana chitenje chija, chokongola, chovalira iye.

"Apite okha," anatero. "Atha."

Anamuperekeza pa siteji. Minibasi ya ku Limbe itanyamuka, Limbikani anatulutsa dzanja pawindo n'kubayibitsa mlongo wake.

6. Dzina la Tionge

Kusukulu kunali anthu ambiri. Makolo anakhala pamadesiki amene anawatulutsa panja, pansi pa mitengo, ndipo ana okhoza bwino anawalola kukhala pafupi ndi makolo awo. A Kristina anamukonza Tionge kolala, namupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Anauza mayi amene anakhala naye pafupi kuti uyu ndi wawo, ndiye nambala waniyo. Tionge anamva kukoma kumene anali asanakumve chaka chonse, ndipo anafuna kuti mwambowo usathe.

Mwambowo unachedwadi. Kwaya inaimba, a sewero anasewera, mlendo wolemekezeka analankhula mpaka ana a Fomu 1 anayamba kusinza. Dzuwa linapendeka mphatso zisanayambe.

Kenako foni ya a Kristina inalira m'chikwama. Anali a Constance. Ankafunsa ngati ufa uja ubwerabe lero, chifukwa amayi ophika afika kale ndipo akudikira.

A Kristina anawauza kuti Limbikani ananyamuka m'mamawa. A Constance anati iwo akhala ali pakhomo tsiku lonse, ndipo mwana amene anamutuma kukadikira pa siteji wabwerako kawiri osaona munthu.

A Kristina anaika foniyo pamiyendo. Anayesa kumwetulira. Kutsogolo ahedi anali atayamba kuitana mayina a Fomu 2, kuyambira nambala fili.

"Afika," anatero a Kristina, akulankhula ngati akudziuza okha. "Mwina minibasi yawonongeka panjira. Aima kaye, aganiza, afunsa anthu. Si dzulo lomweli anapeza yekha chigayo china? Eti Tionge?"

Mayi ake ankamuyang'ana Tionge ndi maso onse awiri tsopano, monga ankafunira chaka chonsechi, ndipo iye analakalaka atayang'ana kwina.

Ahedi anatchula dzina lake. Anzake anayamba kukuwa, amayi ena akululutira, ndipo mtsikana wina anamukankha kumsana kuti anyamuke. Ahedi anatchulanso kachiwiri, atakweza m'mwamba kabokosi kokutidwa ndi pepala lonyezimira.

Tionge anaimirira, koma sanapite kutsogolo. Anagwira mayi ake pamkono.

"Amayi, tiyeni ku Limbe," anatero. "Achimwene sanapeze okha chigayo chija. Ndinawauza ndine."